Kwa achemwali a ku Muloza amene mwafunsa za kufesa ndi kukolola

Achemwali, mwafunsa kuti ngati munthu amakololadi zimene wafesa, nanga mayi anu, amene akhala akulera ana amasiye m'mudzi zaka zonsezi, analakwanji kuti nyumba yawo ikokoloke ndi namondwe wa Freddy n'kukhalabe m'chisakasa mpaka lero. Pepani kwambiri. Ndipo amene akukuyankhani kuti choipa chitsata mwini aleke, akungotosa chilonda.

Mawu a pa Agalatiya 6:7, akuti munthu amakolola chimene wafesa, ndimawakhulupirira ndi mtima wonse. Koma Paulo sanawalembe kuti tiziloza nawo chala anthu ovutika. Werengani mpaka ndime 9, muona kuti akulimbikitsa anthu ochita zabwino kuti asafooke. Yesu mwini, pa Luka 13:4, anatchula anthu 18 amene nsanja ya ku Siloamu inawagwera, nafunsa ngati anali ochimwa kuposa anzawo onse a mu Yerusalemu. Anayankha yekha kuti iyayi.

Chimene timaiwala n'chakuti zofesa za munthu mmodzi zimamera ndi m'minda ya anzake. Ife a ku Thyolo tinaziona pa nthochi. Matenda a nthochi a chisaka atalowa, alangizi ankati zulani phata lonse lodwala. Wina ankazula, woyandikana naye n'kukana poti mkoko wake wangotsala pang'ono kukhwima. Koma nsabwe zofalitsa matendawa sizidziwa malire a munda. Posakhalitsa masamba ankangounjikana pamwamba, ang'onoang'ono, achikasu m'mbali, nthochi osabereka. Ku Molere ndi ku Masambanjati, kumene malole ankachoka atadzaza mikoko, womvera ndi wokana yemwe anatsala manja ali m'khosi.

Mvula ya Freddy mu Marichi 2023 inapha anthu oposa 1,000 m'dziko muno, ndipo palibe akanaiimitsa. Komabe amene akhala akucheka mkungudza ndi kuotcha makala m'phiri la Mulanje anafesa kanthu nawonso, ndipo matope ndi miyala sizinasankhe makomo a iwo okha. Izi ndiye zimandiwawa ine, chifukwa ambiri opindula ndi matabwawo sagona n'komwe m'munsi mwa phiri.

Tsono musalole mayi aziganiza kuti Mulungu wawakwiyira. Zimene anafesa mwa ana aja sizinapite ndi madzi, ndipo ena mwa oyenera kuwabwezera ndife tikuwerenga panofe. Tiuzeni chimene chikusowa, kaya ndi malata, njerwa kapena mitengo ya denga. A ku Limbuli ndi ku Chitakale alipo ambiri m'gulu muno, tikambirane Loweruka lisanafike.