Gavin Hood anangochita mwayi ndi Tsotsi? Yankho kwa achimwene a ku Rosettenville

Achimwene ena a ku Rosettenville ku Joni anditumizira imelo, akuti anakangana ndi anzawo kuntchito pa nkhani ya Gavin Hood, dayirekita wa mafilimu wa ku South Africa amene anapanga Tsotsi ndi Wolverine. Iwo akuti munthu woti anawina Oscar, mphoto yaikulu ya mafilimu ya ku America, ndi katswiri basi nkhani yathera pompo, anzawowo akuti ayi mkuluyu anangochita mwayi ndi Tsotsi chifukwa Wolverine yake ija inali mbola. Ndiye akufuna ine ndigamule.

Achimwene, aliyense mwa awirinu wangogwira mbali imodzi yokha ya nkhaniyi. Tiyambe ndi Oscar yomweyo. Tsotsi inawina mu 2006 pa gawo la filimu ya chilankhulo chakunja, ndipo gawo limeneli limayenda mosiyana ndi ena, dziko lililonse limasankha filimu imodzi yokha n'kutumiza, kenako aku Academy, bungwe lopereka Oscar, amasefa mpaka kutsala zisanu. Mphotoyo pamalamulo ake imakhala ya dziko, dayirekita amangokailandira m'malo mwa onse. Komanso musaiwale kuti chaka chomwecho ku Golden Globes, mpikisano wina wa mafilimu ku America, Tsotsi inaluza, inawina ndi Paradise Now ya ku Palestine, yomwe ku Oscar inadzagonja kwa Tsotsi yemweyo. Mafilimu omwewo, chaka chomwecho, oweruza osiyana, zotsatira zosiyana. Ndiye mukamati "anawina Oscar" dziwani kuti mukunena za filimu imodzi pa mpikisano umodzi.

Koma anzanuwo akamati mwayi, apo ndiye ndikukana. Hood ndi mwana wa Joni konkuno, anaphunzira zamalamulo pa yunivesite ya Wits kenako n'kupita ku yunivesite ya UCLA ku America kukaphunzira zamafilimu, ndipo filimu yake yoyamba A Reasonable Man inatuluka mu 1999, kutanthauza kuti Tsotsi siinali yoyesera. Sikiliputi ya Tsotsi analemba yekha kuchokera m'buku la Athol Fugard. Bukulo nkhani yake ndi ya m'ma 1950, iyeyo anaibweretsa ku lokeshoni ya masiku ano, n'kuika anthu olankhula tsotsitaal (chilankhulo chosakaniza cha mumsewu) m'malo mwa Chingerezi, nyimbo za kwaito za Zola, komanso n'kupereka mbali yaikulu kwa Presley Chweneyagae mnyamata amene anthu ambiri sankamudziwa nthawi imeneyo (anatisiya mu 2025, mzimu wake uuse mumtendere). Anasinthanso mathero, m'buku chigawenga Tsotsi, mwini nkhani, amafa koma mufilimu ayi. Zonsezi ndi zosankha za munthu wodziwa chimene akuchita. Isanafike n'komwe ku Oscar inali itawina kale People's Choice pa chionetsero cha mafilimu cha ku Toronto mu 2005, ndipo mphoto imeneyo amavota ndi anthu wamba oonera osati akadaulo. Ena olemba ndemanga anadandaula kuti ikuchita kukakamiza misozi, kuti chigawenga kusintha mtima chifukwa cha khanda n'zophweka kwambiri. Ine mbali ina ndimawamva, komabe filimuyo imagwira.

Tsopano Wolverine ya 2009. Eya inanyozedwa ndithu, ndipo zoti Deadpool, munthu wolongolola wa mufilimuyo, amusoke pakamwa anthu mpaka lero sanakhululuke. Koma onani amene analemba sikiliputi, ndi David Benioff ndi Skip Woods, osati Hood. Filimu ya kampani yaikulu ngati Fox dayirekita amakhala ngati telala amene wapatsidwa nsalu ndi sitayilo yosankha kale kasitomala, akhoza kusoka mowongoka kapena mokhota koma diresi si lake. Kuonjezera apo kope losamalizidwa linabedwa n'kuikidwa pa intaneti patatsala mwezi kuti ituluke. Sindikuti alibe mlandu, dzina lake lili pamenepo ndipo anavomera yekha ntchitoyo. Chodabwitsa n'choti filimu yonyozedwayi inapanga ndalama zoposa madola 370 miliyoni, zomwe Tsotsi siinayandikire ngakhale pang'ono.

Rendition ya 2007 ndi Ender's Game ya 2013 zinalandiridwa mwa apo ndi apo, sindichedwapo. Imene anzanuwo ndikukayika ngati anaonera ndi Eye in the Sky ya 2015, ya Helen Mirren ndi Alan Rickman, nkhani ya asilikali ndi andale akukangana ngati aphulitse nyumba ya zigawenga ku Nairobi ndi drone pomwe kamtsikana kakugulitsa buledi pafupi. Anaijambulira ku South Africa konkuno, olemba ndemanga anaiyamikira kwambiri, koma Oscar siinainunkhe n'komwe. Kenako Official Secrets mu 2019 ya Keira Knightley, imene analemba nawo. Mukaziika pamodzi mudzaona kuti mkuluyu amachita bwino nkhani ikakhala ya munthu amene wapanikizika pakati pa lamulo ndi chikumbumtima, mwina ndi uloya uja, ndipo akapatsidwa zophulika ndi zouluka amasochera.

Poti ndife a kumudzi ndionjezere ichi. Shemu Joyah wa ku Malawi ndi filimu yake The Road to Sunrise anawina Best Movie Southern Africa ku AMVCA, mpikisano wa mafilimu a mu Africa, mu 2018, ndipo ndi filimu yoyamba imene Malawi inatumiza ku Oscar. Siinalowe m'gulu la zisanu zija. Kuti ovota ku Los Angeles aonere filimu yako pamafunika kampani yoifalitsa ndi ndalama za kampeni, Tsotsi inali ndi kampani ya Miramax kumbuyo kwake.

Anzanuwo auzeni aonere kaye Eye in the Sky ndiye mukanganenso, ndipo mundilembere mundiuze zomwe anena.