Za kamera ya polarization pa drone ku Luangwa

Akulu, mwafunsa ngati kamera ya infrared (kuwala kwa kutentha kosaoneka ndi maso) ya polarization ingapose ya thermal wamba posaka misasa ya opha nyama mozemba m'mapaki a Lukusuzi ndi South Luangwa ku Zambia. Imaposadi, koma pa zinthu zina zokha.

Thermal wamba imaona kutentha basi. M'mamawa ndi chakumadzulo pamafika nthawi imene chitsulo, dothi ndi udzu zimafunda mofanana, motoka yobisidwa m'tchire n'kusoweratu pachithunzi. Ya polarization imayezanso mmene mafunde a infrared apendekera. Zinthu zosalala monga malata, galasi ndi tenti ya pulasitiki zimatulutsa mafunde opendekera mbali imodzi, pomwe a masamba ndi udzu amangoti balala. Motoka ija imaonekerano, ngakhale injini itazizira kalekale.

Gulani ya LWIR, kutanthauza infrared ya mafunde aatali a mamaikiromita 8 mpaka 14, yokhala ndi timasefa pasensa pomwepo toyang'ana madigiri 0, 45, 90 ndi 135. Ya sefa yozungulira isiyeni. Imajambula zithunzizo chimodzichimodzi, drone ili kuyenda, ndiye pozilumikiza zimaphonyana, mtengo uliwonse n'kuoneka ngati uli ndi mkombero wa chitsulo. Musaitchinjirizenso ndi galasi wamba poopa fumbi, chifukwa galasi sililola LWIR kudutsa. N'chifukwa chake lenzi yake imakhala ya germanium.

Pomwe ambiri amalakwitsa ndi poikhazika. Mukailozetsa pansi chindunji, denga la malata lafulati silionetsa polarization n'komwe. Ipendeketseni madigiri 45 mpaka 60, ndipo malo amodziwo muwadutse kawiri, kuchokera mbali zosiyana. Mitambo nayo imasokoneza: infrared yochokera kumitambo imanyezimira pachitsulo n'kufafaniza imene chitsulocho chikutulutsa. Choncho Juni mpaka Okutobala ndiyo nyengo yake, osati dzinja, ngakhale fumbi ndi phulusa la lupsa zikakuta chinthu zimachepetsa kusalala kwake.

Za misampha ya waya musayembekezere, ndipo izi zimandipweteka chifukwa ndiyo ikupundula mikango ndi njovu m'chigwamu. Piksel (kadontho kamodzi ka pasensa) ya mamaikiromita 17 ndi lenzi ya mamilimita 25, pa mtunda wa mamita 120, imagwira masentimita 8, pomwe waya wa msampha ndi mamilimita ochepa chabe. Munthu wobisala pansi pa mthunzi wothithikana sitimuonanso, pakuti infrared siboola masamba.

Musanaulutse, tengani chilolezo ku Zambia Civil Aviation Authority, ndipo za m'paki mugwirizane kaye ndi a DNPW, nthambi ya boma yoyang'anira mapaki ndi nyama zakutchire.