Mabisiketi opanda batala: yankho kwa mayi wa ku Chilomoni

Mayi wina wa ku Chilomoni wandilembera kalata pa imelo kufunsa ngati n'zotheka kuphika mabisiketi abwino popanda batala, popeza mtengo wake wamukulira, ndipo anamaliza ndi kupepesa kuti mwina funso lake ndi laumphawi. Kupepesako ndiye kwandikhudza, mayi, chifukwa inenso ndinakhala zaka zingapo ndili ndi manyazi omwewo.

Ndinakulira ku Ndirande m'nyumba ya azakhali anga, omwe ankaphika mabisiketi ogulitsa pa mbaula. Ankathira mchenga pansi pa poto wamkulu, n'kukhazika mbale ya mabisiketi pamchengapo, kenaka n'kuika makala amoto pa chivundikiro kuti kutentha kuchokere pansi ndi pamwamba pomwe. Batala sindinamuonepo m'nyumba imeneyo, koma mabisiketi awo ankatha dzuwa lisanapendeke. Nditakwatiwa n'kugula uvuni wamagetsi, ndinayamba kuwerenga maphikidwe a pa intaneti, ndipo onse ankayamba ndi batala, mwakuti ndinafika poganiza kuti azakhali ankangopeputsa zinthu chifukwa chosowa. Tsiku lina ndinalonjeza kuphika mabisiketi a pa chinkhoswe cha mlamu wanga. Ndinalowa m'sitolo ina ku Limbe, ndinaona mtengo wa batala, ndinaubweza pa shelefu mwaulemu, ndipo kunyumba ndinathira mafuta ophikira muyezo womwewo umene pepala linanena za batala. Unali mwezi wa Okutobala, kukutentha koopsa. Nditatsegula uvuni ndinapeza mabisiketi onse asungunuka n'kugwirana kukhala chimkate chimodzi chophwatalala, chonyezimira mafuta, chimene ana anachidya mochita kubenthula. Amene anandipulumutsa usiku umenewo ndi azakhali omwe aja, ndi majarini awo ndi chiponde chawo, ndipo sananene mawu alionse onditonza, chomwe chinandipweteka kuposa kutonzedwa.

Cholakwa changa chinali chakuti sindinkadziwa ntchito imene batala amagwira mu mtanda. Pa magawo 100 alionse a batala, pafupifupi 80 ndi mafuta ndipo otsalawo ambiri ndi madzi, pamene mafuta ophikira ndi mafuta okhaokha. Choncho pothira muyezo wofanana ndinachulukitsa mafuta n'kuchotsa madzi amene ufa umafuna kuti ugwirane. Chachiwiri n'chakuti batala ndi wolimba. Mukamamutakasa ndi shuga, timiyala ta shuga timaboola timabowo ta mpweya m'kati mwake, ndipo timabowo timeneti ndi timene timafufuma pamoto n'kupangitsa bisiketi kukhala yopepuka. Mafuta amadzi sangasunge mpweya wotere ngakhale mutatakasa mpaka mkono kuwawa.

Apa ndinene maganizo anga mosabisa: anthu amene amanyoza majarini ngati chinthu cha osauka akungoonetsa kuti sanaphikepo zogulitsa. N'zoona kuti majarini anapangidwira kulowa m'malo mwa batala. Anawatulukira ndi katswiri wa ku France, Hippolyte Mège-Mouriès, m'chaka cha 1869, pamene mfumu Napoleon III inkafuna chinthu chotsika mtengo choti asilikali ndi anthu wamba azidya. Koma chiyambi chimenecho sichichotsa ubwino wake, ndipo m'nyengo yathu yotentha majarini olimba amapirira kuposa batala, amene amayamba kusungunuka kutentha kukangopitirira madigiri 30 pang'ono. Batala amaposa pa fungo ndi kakomedwe, zimenezo sindikana, koma fungo lokha silindikwanira kuti ndiwononge ndalama ya ndiwo za sabata yonse. Ndipo maphikidwe ambiri amene timawerenga analembedwa ndi anthu a m'mayiko ozizira, kumene batala ndi chinthu wamba m'khitchini, osati ndi munthu amene akukanda mtanda ku Bangwe magetsi atazima ndipo furiji yafunda.

Chimene chimandidabwitsa kwambiri n'chakuti timaiwala mtedza, pamene dziko lathu limalima mtedza wochuluka. Pafupifupi theka la kulemera kwa mtedza ndi mafuta, ndipo chiponde pachokha chimakwanira kupanga bisiketi popanda batala, majarini, ngakhale ufa wa tirigu. Kapu imodzi ya chiponde, kapu imodzi ya shuga ndi dzira limodzi, basi. Ine shuga ndimachepetsako chifukwa kapu yodzaza imatsekemera mopitirira. Mapeyala a ku Thyolo ndi ku Mulanje nawonso ali ndi mafuta, ndipo ndinawayesapo, koma mabisiketi ake amatuluka obiriwira pang'ono ndi ofewa ngati keke, motero ndimalola kuti alowe m'malo mwa theka lokha la mafuta. Nthochi zokha musanamizidwe nazo. Zimanyowetsa mtanda ndi kutsekemeretsa, koma mafuta mulibe, ndipo chimene mudzatulutse mu uvuni chidzakhala m'bale wake wa chigumu.

Miyezo yake

Ngati muli ndi majarini olimba ophikira makeke, monga Stork wa m'pepala, thirani muyezo womwewo wa batala, koma muchepetse mchere popeza majarini amakhala nawo kale. Majarini ofewa a m'kabakuli opaka pa buledi nthawi zambiri amakhala ndi madzi ambiri, choncho werengani pa chikuto ndipo musankhe amene mafuta ake akuyandikira magawo 80 pa 100. Ngati muli ndi mafuta ophikira okha, thirani magawo atatu mwa anayi a muyezo wa batala, onjezerani supuni imodzi kapena ziwiri za mkaka, ndipo muyambe mwamenya mafutawo ndi dzira ndi shuga mpaka zitagwirana musanathire ufa. Mtandawo uzizire kwa theka la ola mu furiji, ndipo ngati magetsi palibe, kandani m'mamawa kusanatenthe. Phikani pa madigiri 180 kwa mphindi 10 mpaka 12, ndipo muyambe mwayesa mabisiketi awiri okha kuti muone ngati akuphwatalala, chifukwa zikatero mungathe kuwonjezera ufa pang'ono mtanda wonse usanaonongeke.