Funsani Dokotala: Ndimaona timagazi ndikakhala ndi bambo akunyumba

Funso: Adokotala, ndine mai wa ana atatu wa ku Chadiza. Kwa miyezi isanu m'chinena mumandiwawa, ndipo ndikakhala malo amodzi ndi bambo akunyumba ndimaona timagazi. Makapisozi apamsika ndamwa, osasintha. Mjigo wathu unafa, ndiye timatunga ndi kuchapa ku damu.

Yankho: Amai, ngakhale simunalembe, ndikudziwa kuti mtima wanu uli pa bambo, kuti kapena akuyenda njira. Musafulumire kuwaimba mlandu. Ine maso anga ali pa damulo: ndikukayikira likodzo.

Likodzo ambiri amaliyesa matenda a anyamata osambira kumtsinje, kuti ngati mkodzo ulibe magazi ndiye kuti mulibe likodzo. Zimenezo si zoona, ndipo zalekanitsa maukwati. Nkhono za m'madzi odikha zimatulutsa tizilombo tosaoneka ndi maso. Mukaima m'madzi ofika m'mawondo, chitenje chokwinya, kudikira chigubu chidzaze, timaboola khungu n'kulowa. Sitidikira kuti mumwe madziwo. M'thupi timakula n'kuikira mazira, ndipo kwa amai mazirawo amakakamira kukhomo la chiberekero n'kupanga tizilonda totuluka magazi tikakhudzidwa. Mkodzo ungakhale woyera bwinobwino. Mwamuna sangakupatseni likodzo pamphasa.

Koma sindingakuyezeni pakalata. Zizindikiro zomwezi zimabweranso ndi matenda opatsirana pogonana, komanso khansa ya khomo la chiberekero, imene imachizika ikapezeka msanga. N'chifukwa chake miyezi isanu mwataya ndi makapisozi ikundidetsa nkhawa. Makapisozi sapha likodzo, ndipo tizilondato tikakhalitsa timatsegulira njira HIV.

Pitani kukiliniki sabata ino. Auzeni anamwino kuti mumalowa m'damu tsiku ndi tsiku, chifukwa mukapanda kutchula angakupatseni mankhwala a matenda opatsirana pogonana okha. Pemphani akuyezeni mkodzo, akuoneninso khomo la chiberekero. Zikafunika adzakutumizani ku Chipata Central Hospital. Mankhwala a likodzo ndi praziquantel: amayamba akupimani pasikelo, popeza mlingo wake ndi mamiligalamu 40 pa kilogalamu iliyonse ya thupi. Muziwamwa mutadya nsima, apo ayi amachititsa nseru ndi chizungulire.

Mukachira mungalitengenso. Tungani mutaima pamtunda, ndowa yomanga kuchingwe. Madzi osamba ndi ochapira akhale m'chigubu masiku awiri, tizilomboto timafa tokha. Akumwa muwiritse kapena muthire Clorin, mankhwala ophera tizilombo m'madzi. Ana otsagana nanu kudamu nawonso akayezedwe, ndipo nkhani ya mjigowo ikafike kwa anyakwawa ndi komiti ya madzi.