Mapepala a agogo ali m'bokosi: tiwapereke ku yunivesite?

Mayi wina wa ku Kawale wandilembera pa imelo. Pokonza m'nyumba ya malemu mayi awo apeza bokosi lachitsulo la agogo awo aamuna, amene adali mphunzitsi wa sukulu za mishoni ya Nkhoma cha m'ma 1940, kenako n'kupita ku Joni ndi Wenela, bungwe limene linkalemba anthu ntchito ya ku migodi. M'bokosimo muli makalata, chitupa, masatifiketi ndi zithunzi. Akufunsa kuti ndi yunivesite iti ingakhale ndi zolembedwa zina zokhudza agogowo, ndiponso ngati n'kwanzeru kukapereka mapepalawa ku yunivesite. Akuti ayamba kaye awachititsa lamineti.

Mayi, laminetiyo ayi. Chifukwa chake ndichifotokoza kumunsiku, koma ndanena msanga kuopa kuti mungakwere minibasi ya m'tauni musanamalize kuwerenga.

Anthu ambiri amalowa kosungira zolembedwa zakale ali ndi maganizo a laibulale, n'kutulukako atakhumudwa. Mu laibulale mabuku amasanjidwa potsata nkhani yake. Kosungira zolembedwa zakale mapepala amasanjidwa potsata ofesi kapena munthu amene adawalemba, ndipo amasiyidwa mu ndondomeko imene mwini wakeyo adawasiyira. Fayilo yolembedwa dzina la agogo anu pachikuto simudzaipeza. Agogowo ali pamzere umodzi wa kaundula, m'ndime imodzi ya lipoti, pansi pa kalata imene adasayina pamodzi ndi aphunzitsi anzawo. Choncho funso loyamba si lakuti yunivesite iti. Funso n'lakuti ndani ankalemba dzina lawo, ndipo ankalilemberanji. Kwa agogo anu olembawo adali atatu: mpingo, boma ndi Wenela.

Mpingo ndiwo udawalemba kwambiri. Mishoni ya Dutch Reformed idayambira ku Mvera mu 1889, n'kufika ku Nkhoma mu 1896, ndipo mphunzitsi wa sukulu ya kumudzi adali wantchito wa mishoni: ankatumizidwa, ankalipidwa, ankayenderedwa. Kaundula wa ubatizo, wa maukwati ndi mabuku a misonkhano ya akulu a mpingo, yambani kuwafunsa pa mpingo pamene agogowo ankapemphera, kenako ku sinodi. Makalata ndi malipoti amene amishoni ankatumiza kwawo ali ku South Africa, kosungira zolembedwa za mpingowo mumzinda wa Stellenbosch, ndipo ambiri ali m'Chiafrikaans, akale kwambiri m'Chidatchi. Konzekani mtima musanatsegule mabuku a akulu a mpingowo. Munthu amene ankayenda bwino salembedwa kawirikawiri. Amene amadzaza masamba ndi wodulidwa chifukwa cha mowa, mitala kapena kupezeka ku dambwe, ndipo tsiku lake ndi mboni zake zimalembedwa bwinobwino. Mabanja ena amapita kukafuna mbiri ya agogo mlaliki n'kubwerako ndi dzina la mkazi wachiwiri.

Mipingo ina nayonso mapepala ake ali uko ndi uko. Za UMCA, mishoni ya Anglican ya ku Likoma, zili ku laibulale ya Bodleian ya yunivesite ya Oxford. Za amishoni a ku Scotland a ku Blantyre ndi Livingstonia, zambiri zili ku Edinburgh, ku National Library of Scotland ndi ku yunivesite ya Edinburgh, komwenso kuli mapepala a George Shepperson amene adafufuza mbiri ya John Chilembwe. Ansembe a White Fathers a ku Mua ndi Likuni ankalemba zochitika za tsiku ndi tsiku m'Chifalansa, ndipo likulu losungira zolembedwa zawo lili ku Rome. Ngakhale mulu wa mapepala okhudza Kamuzu Banda uli ku Indiana University ku America, kumene mwini wakeyo adaphunzirako ali mnyamata.

Apa anthu amakonda kunena kuti azungu adatibera mbiri. Zina adatengadi: mafayilo ena a boma la atsamunda adatumizidwa ku Britain mwakachetechete ufulu utayandikira, ndipo adadzatsegulidwa kwa anthu ku Kew, kosungira zolembedwa za boma la Britain ku London, patatha zaka pafupifupi 50. Koma kalata imene mmishoni adalembera mabwana ake ku Cape idapita kumene inkapita, palibe adaiba. Chimene chimandiwawa ine n'chakuti mwana wa ku Mitundu wofuna kuwerenga za mudzi wake afunika viza ndi tikiti ya ndege, pamene kujambula mapepalawo n'kuika makope kuno si ntchito yodula masiku ano. Yunivesite zathu zikadayenera kukhala zikugogoda pa zitseko zimenezi chaka ndi chaka kupempha makope. Ndipo tisadzinamize kuti chili kwathu n'chotetezeka. Moto wa mu 1919 udatentha maofesi akulu a boma ku Zomba, n'chifukwa chake zolembedwa za boma za zaka zoyambirira za Nyasaland n'zochepa kuno, ndipo ofufuza amadalira makope a ku Kew a mndandanda wa CO 525. Laibulale ya Mzuzu University idapsa mu December 2015. Ngakhale olemera sapulumuka: mu April 2021 moto udawononga laibulale ya Jagger ya yunivesite ya Cape Town, pamodzi ndi zambiri za mbiri ya Africa. Pepala limene lili pamalo amodzi okha, kaya ku Oxford kaya ku Kawale, likudikira tsiku lake. Yunivesite imene ikumanga holo ya mwambo wa madigiri koma ilibe chipinda chimodzi chouma chosungiramo mapepala ake omwe, ine sindiiwerengera.

Sindikunena kuti kuno kulibe kanthu. Ku Zomba, laibulale ya University of Malawi, imene tidazolowera kuitcha Chancellor College, ili ndi gawo la Malawiana, losungira mabuku ndi mapepala okhudza dziko la Malawi. Chuma chenicheni kumeneko ndi mapepala a ophunzira a mbiri yakale a m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970, amene pa holide ankapita kwawo kukafunsa akuluakulu za mafumu, nkhondo, sukulu zoyamba ndi maulendo a ku Joni. Anthu amene adafunsidwawo adapita kalekale, mawu awo adatsala m'mapepala otayipidwa amenewo basi. Musakafufuze ndi dzina la agogo, kafufuzeni ndi dera ndi dzina la mfumu. Kuno kwathu ku Bunda, komwe tsopano ndi LUANAR, kuli kafukufuku wa zaulimi ndi malo, wothandiza amene akufuna kudziwa mmene minda ya m'midzi ya Lilongwe idalembedwera pa nthawi ya Lilongwe Land Development Programme imene idayamba mu 1968. Za uphunzitsi wa agogo anu kumeneko kulibe.

Za boma zili ku National Archives ku Zomba, imene idakhazikitsidwa mu 1947 ndipo si ya yunivesite. Dipatimenti ya maphunziro idayamba mu 1926, ndiye mphunzitsi wa m'ma 1940 amene adali ndi satifiketi yovomerezeka ndi boma angapezeke m'mafayilo a mayeso ndi a thandizo la ndalama ku sukulu za mishoni. Pemphaninso mabuku a ma DC a boma la Lilongwe, Dowa kapena Dedza, momwe ankalembamo midzi, mafumu ndi sukulu. Zolembedwa za Wenela, imene pambuyo pake idakhala TEBA, zili ku yunivesite ya Johannesburg, koma zambiri ndi makalata a maofesi ndi malipoti, zokuuzani mmene ulendowo unkayendera kufikira 1974, pamene ndege yonyamula Amalawi ochokera ku migodi idagwa ku Francistown, ku Botswana, ndipo Kamuzu adaletsa kulemba anthu. Chimene chingakufikitseni pa munthu mmodzi ndi nambala imene ili pa chitupacho. Ikopereni pena lero lomwe.

Dzina ndilo limasocheretsa anthu ambiri. Munthu mmodzi ku mpingo adalembedwa ndi dzina la ubatizo, kwa DC ndi dzina la bambo ake, ku mgodi ndi dzina lina limene kalaliki adamva. Kalembedwe nako kadasintha: kumene lero timalemba "ch" kale ankalemba "c", Nkhoma mudzaipeza ngati Mkhoma, Nkhotakota ngati Kota Kota, Mchinji ngati Fort Manning, ndipo dera lathu lino m'mafayilo oyambirira ndi Central Angoniland. Polembera woyang'anira zolembedwa, ikani maina onse ndi kalembedwe kake kosiyanasiyana, mfunda, mudzi, mfumu, mpingo, zaka zimene mukuganizira, ndi funso limodzi lomveka. Kalata yakuti "nditumizireni zonse zokhudza agogo anga" siyankhidwa. Mukapita nokha, tengani chiphaso ndi pensulo chifukwa cholembera cha inki saloleza, funsirani pasadakhale za malipiro ndi ngati amalola kujambula pa foni, ndipo pa chilichonse chimene mwawerenga lembani nambala ya fayilo. Mukaiwala nambalayo simudzachipezanso.

Tsono za bokosilo

Lamineti imagwira ntchito ndi kutentha ndi guluu. Pulasitikiyo amamatirira m'kati mwa pepala, sachokanso, ndipo akayamba kuchita chikasu ndi kutukusira pepalalo limawonongeka naye limodzi. Osunga zolembedwa amaletsa kuchititsa lamineti mapepala akale. Selotepi ndi chimodzimodzi: guluu wake amalowa m'pepala n'kusiya banga lofiirira, ndiye chong'ambika chisiyeni chong'ambika, mungochiika m'kati mwa pepala loyera lopinda pakati. Chotsani mapini, masitepulo ndi malabala, chifukwa dzimbiri limadya pepala ndipo labala amasungunukirapo. Makalata musawasiyanitse ndi maenvulopu ake, chidindo cha ku positi nthawi zina ndicho chokha chonena tsiku ndi malo. Musawasanje mwatsopano potsata maganizo anu musanalembe mndandanda wa mmene munawapezera.

Mdani wamkulu kuno ku Lilongwe ndi chinyezi cha January ndi February. Chinyezi cha mumpweya chikapitirira 65 peresenti chuku chimamera, ndipo jumbo yomanga pakamwa imangotsekera chinyezicho m'kati. Tulutsani mapepalawo nyengo youma, cha mu June mpaka August, muwayale pamthunzi podutsa mphepo, osati padzuwa. Chuku chikauma chisesereni panja ndi burashi yofewa mutavala chophimba pamphuno. Pakati pa mapepala ikani mapepala oyera a fotokope. Nyuzipepala ndi maenvulopu a khaki ayi, ali ndi asidi amene amafiiritsa chimene agundana nacho. Bokosi likhale pamwamba, masentimita 15 kapena kuposa kuchoka pansi, lisagunde khoma lakunja kumene chiswe chimakwerera, lisakhale kukhitchini kapena kudenga pansi pa malata. Mukaona timabowo ndi fumbi longa ufa, muli tizilombo. Musapopere mankhwala pa mapepala. Njira yake ndi kuwamanga ali ouma m'jumbo yosalowa mpweya n'kuwaika mu firiza yofika pa -18°C kwa sabata ziwiri, kenako kuwasiya tsiku lathunthu osamasula kuti chinyezi chigwere kunja kwa jumboyo. Ngati magetsi akuzimazima kwanuko, njira imeneyi isiyeni, kuzizira ndi kusungunuka mobwerezabwereza kumanyowetsa mapepala.

Jambulani zonse, kutsogolo ndi kumbuyo. Pa sikana, mapepala pa 300 dpi (muyeso wa kuoneka bwino kwa chithunzi), zithunzi pa 600. Foni nayonso imatha, bola kuwala kwa masana, fulashi itazimitsidwa, foni italunjika pamwamba penipeni. Potumizira abale pa WhatsApp tumizani ngati document, chifukwa mukatumiza ngati chithunzi amachichepetsa ndipo zilembo zing'onozing'ono zimafufutika. Makope akhale malo atatu osiyana, ena kwa mbale wa kutali. Ndipo zithunzizo pitani nazo msanga kwa wamkulu amene watsala m'banjamo akakuuzeni maina, muwalembe kumbuyo ndi pensulo yofewa. Palibe yunivesite imene ingakuuzeni kuti wayima kumanzereyo ndani.

Za kupereka, ine ndikuti mapepala enieniwo musapereke panopa. Perekani makope ku Malawiana ndi ku sinodi. Mukadzafuna kupereka enieniwo, yambani mwagwirizana ndi amalume ndi ena onse a m'banjamo, chifukwa mapepalawa si anu nokha. Kenako funsani olandirawo ngati ali ndi munthu wophunzira ntchito yosunga zolembedwa, pemphani kuona chipindacho ndi maso anu, ndipo muonetsetse kuti alemba mu kaundula wa zolandiridwa n'kukupatsani nambala. Pakhale chikalata chosayinirana chonena ngati mwapereka kapena mwasungitsa, monga zimasiyanira kupatsa munthu mbuzi ndi kumusungitsa, chonenanso amene angawerenge, makalata amene atsekedwe kaye, ndi mndandanda wa pepala lililonse. Akayamba kuzengereza pa chikalatacho, bwererani nalo bokosi lanu mukafunse ku National Archives, amenenso amalandira mapepala a anthu ndi mabanja.