Mafunso a Owerenga: Chimbale cha 1973 chikamamveka mbali zonse za chipinda

FUNSO: Akonzi, ndine mphunzitsi wopuma pa ntchito ndipo ndimakhala pa boma la Nkhotakota, kufupi ndi msewu wotsikira kunyanja. Chimbale cha gulu la Pink Floyd chotchedwa The Dark Side of the Moon ndidayamba kuchimva ndili ku sekondale, pamene mphunzitsi wina wochokera kunja ankatiikira pa galamafoni yake Loweruka madzulo, ndipo pambuyo pake ndidachipeza pa kaseti imene ndidaimvera mpaka idatha mawu. Chaka chatha mwana wanga amene amagwira ntchito ku Johannesburg adandibweretsera chimbale chomwechi pa Blu-ray, chokonzedwanso kuti mawu azimuzungulira womvera, pamodzi ndi makina a masipika asanu ndi sabuwufa, sipika ya mawu otsika kwambiri. Ndidaitana anzanga awiri amene ndidakula nawo kuti tidzamvere limodzi. Woyamba, amene adachimvapo kale kwa mwana wake ku Lilongwe, adati achiwononga, ndipo zimene achitazo n'chimodzimodzi kuthira shuga m'thobwa limene agogo adaphika kale bwino. Wachiwiri adati nyimbo za mtunduwu zimayenera kumveka chomwecho, ndipo amene akudandaula angokakamira zakale. Ine ndidangokhala chete, chifukwa kunena zoona sindidamve kusiyana kulikonse kupatula kukula kwa phokoso. Masipika onse ndidawandandalika pa kabati pansi pa TV, ndipo ndidalumikiza ndi mawaya awiri aja, yofiira ndi yoyera. Kodi wolondola ndani pakati pa anzangawa, nanga makutu angawa ndiwo akalamba? — Mphunzitsi wopuma, Nkhotakota

YANKHO: Bambo, makutu anu alibe mlandu, ndipo ndiyambe ndi kukuuzani kuti tsiku limenelo m'nyumba mwanu simudamveke mawu ozungulira ngakhale pang'ono. Mawaya awiri ofiira ndi oyerawo amanyamula njira ziwiri zokha za mawu, ya kumanzere ndi ya kumanja, zimene ndi sitiriyo yomwe ija mudaizolowera pa kaseti. Makina anu adangotenga njira ziwirizo n'kuzigawira masipika asanu, ndipo poti masipikawo adali pamzere umodzi kutsogolo kwanu, chimene chidasintha ndi kukula kwa phokoso basi, monga mwanenera. Choncho anzanu adakangana pa chinthu chimene sichidalowe n'komwe m'chipindamo. Ndibwereranso ku mawayawo, koma mkangano wa anzanuwo ndi weniweni, ndipo okonda nyimbo za progressive rock, zazitali ndi za zida zambiri ngati za Pink Floyd, m'mayiko ambiri akhala akuutafuna kwa zaka zoposa makumi awiri.

Kuti mumvetse chimene akukanganira, muyenera kudziwa mmene chimbale chimapangidwira. The Dark Side of the Moon chidajambulidwa ku situdiyo ya Abbey Road mumzinda wa London m'zaka za 1972 ndi 1973, pa tepi ya mizere 16, kutanthauza kuti gitala ya David Gilmour, besi ya Roger Waters, ng'oma za Nick Mason, makiyibodi a Richard Wright ndi mawu a oyimba zidasungidwa pa mizere yosiyanasiyana. Kenako katswiri amasakaniza mizere yonseyo kukhala njira ziwiri, akusankha chimene chikwere, chimene chitsike, ndi mbali imene chilichonse chimvekere. Chimbale chimene mudamva pa galamafoni ndi ndiwo zophikaphika, pamene tepi ya mizere 16 ija ndi chambo, tomato ndi anyezi zisanalowe mumphika. Wokonza mawu ozungulira sakometsa ndiwo zophika kale. Amabwerera ku zipangizo zomwe zija n'kuphikanso, ndipo palibe anthu awiri amene dzanja lawo la mchere limafanana. Apa ndi pamene mnzanu woyamba ali ndi mfundo: chimene akumva pa Blu-ray si chimbale chakale chotsukidwa, koma ntchito yatsopano yochokera ku matepi akale, ndipo munthu amene wakhala ndi nyimbo zaka makumi asanu amazindikira msanga liwu limodzi likasuntha pamalo pake.

Koma pa chimbale ichi makamaka, sindingavomereze kuti mawu ozungulira ndi shuga wothiridwa ndi alendo. Gulu la Pink Floyd lidayamba kuzunguliza mawu kale kwambiri. Mu May 1967 lidayimba mu holo ya Queen Elizabeth ku London litaika masipika m'ngodya za holoyo, ndipo lidali ndi kachipangizo kotchedwa Azimuth Co-ordinator kamene woyimba ankapotoza ndodo yake kuti mawu ayende kuzungulira anthu. Ndiponso Alan Parsons, katswiri amene adajambula chimbalechi, adasakaniza mtundu wina wa masipika anayi, wotchedwa quadraphonic, m'nyengo yomweyo imene chimbale chidatuluka. Mawotchi amene amalira onse pamodzi kumayambiriro kwa nyimbo ya Time adawajambula iyeyo m'sitolo ya zinthu zakale, pofuna kuyesera njira ya masipika anayiyo, asanaganize n'komwe kuti adzalowa m'chimbale. Quadraphonic idalephera pa msika chifukwa makampani adapanga njira zosagwirizana ndipo makina ake adali okwera mtengo, motero anthu ambiri, inu ndi ine tomwe, tidachidziwa chimbalechi mu sitiriyo yokha.

Mtundu wa 5.1, wa masipika asanu ndi sabuwufa imodzi, udatuluka mu 2003, chimbale chitakwanitsa zaka 30, ndipo adausakaniza ndi James Guthrie, amene wagwira ntchito ndi gululi kuyambira nthawi ya chimbale cha The Wall. Mu 2023, pa zaka 50, Guthrie yemweyo adakonzanso mtundu wa Dolby Atmos, umene umawonjezera mawu ochokera pamwamba. Chodabwitsa n'chakuti pakati pa okonda mawu ozungulira okhaokha palinso magulu awiri. Ena amakonda ntchito ya Parsons chifukwa ndi yolimba mtima: chida chimodzi chimatha kukhala kumbuyo kwanu chokhachokha, ndipo phokoso la ndalama ndi makina a m'sitolo m'nyimbo ya Money limadumpha kuchoka ngodya ina kupita ina. Ena amakonda ntchito ya Guthrie chifukwa ndi yodekha, imasunga gulu kutsogolo monga mudalizolowera, n'kutsegula chipinda kuti mawu apume. Ine ndidamverapo mitundu yonse iwiri, ndipo ndikafuna kuonetsa mlendo chimene makinawa angachite ndimasankha wa Parsons, koma ndikafuna kukhala pansi kumvera chimbale chonse kuyambira kugunda kwa mtima koyambirira mpaka komaliza, ndimasankha wa Guthrie, chifukwa sandikoka khutu kuti ndizitembenuka nthawi zonse.

Inu a ku Nkhotakota kusiyana kumeneku mumakudziwa kale popanda magetsi. Chimtali mukachimvera muli pakhonde la nyumba yapatali, ng'oma, manja ndi nyimbo zimabwera pamodzi kuchokera mbali imodzi, ndipo zimakoma ndithu. Koma mukaima pakati pa bwalo, ng'oma ili pambali panu, wotsogolera nyimbo ali kutsogolo, ovomera ali kumbuyo ndi m'mbali, mumamva liwu la mayi aliyense palokha, ngakhale la amene walowa mochedwa pang'ono. Mnzanu wachiwiri akukonda kuima pakati pa bwalo, ndipo akunena zoona kuti nyimbo zazitali, za zida zambiri zosanjikizana ngati izi, zimapindula zikapatsidwa malo. Mnzanu woyamba akukumbukira khonde, ndipo nayenso akunena zoona kuti pakati pa bwalo zina zimene zidali zobisika mwadala zimaonekera poyera, ndipo mphamvu ya gulu loyimba ngati thupi limodzi imatha kumwazika.

Pali dandaulo lina limene ndimaliona kuti ndi lolemera kuposa onse, ndipo mwina ndi limene lili pansi pa mkwiyo wa mnzanuyo ngakhale sadalitchule. Pamene zimbale za gulu la Genesis zidasakanizidwanso m'zaka za 2007 ndi 2008, okonda gululi ambiri adadandaula kuti mawu adafinyidwa kuti amveke okwera ponseponse, kotero kuti malo a phee ndi malo a phokoso adayandikana kwambiri, komanso kuti mitundu yatsopanoyo idayamba kulowa m'malo mwa yakale m'masitolo. Nyimbo za progressive rock zimadalira kusiyana kumeneko, kunong'ona kenako kuphulika, ndipo mukakufafaniza mwachotsa msana wa nyimbo. N'chifukwa chake ambiri amalemekeza Steven Wilson, amene adasakanizanso zimbale za King Crimson, Jethro Tull ndi Yes. Iye amayamba ndi kumanganso sitiriyo yofanana kwambiri ndi yakale asanayale mawuwo m'masipika ena, ndipo zimbale zambiri zimene wagwirapo zimatuluka pamodzi ndi mtundu woyambirira kuti womvera asankhe yekha. Kwa ine muyeso wake ndi umenewo: mtundu watsopano ukhale pambali pa wakale, usaukankhire kunja. Blu-ray ya 2023 ili ndi sitiriyo yakale m'ndandanda wake, choncho ngati yanu ndi imeneyo, mnzanu woyamba sadalandidwe kanthu.

Tsopano za m'nyumba mwanu. Chotsani mawaya awiri aja ndipo mulumikize makina oonetsera Blu-ray ku makina a masipika ndi waya wa HDMI, kapena wa optical ngati HDMI palibe. Musanagule waya, yang'anani kumbuyo kwa makina a masipikawo, chifukwa alipo ambiri m'masitolo olembedwa 5.1 pa katoni koma olandira njira ziwiri zokha. Ngati palibe polowera waya wa HDMI, optical kapena coaxial, kapena mabowo asanu ndi limodzi olandirira njira iliyonse payokha, makinawo sangakupatseni mawu ozungulira enieni. Mukaika chimbale, sankhani 5.1 pa ndandanda, osati Atmos, popeza mulibe masipika a pamwamba. Sipika ya pakati ikhale moyang'anizana ndi mpando wanu, ziwiri za kutsogolo zitalikirane mofanana ndi mtunda wochoka pa iliyonse kufika pamene mwakhala, ndipo ziwiri zotsalazo zikhale m'mbali mwanu, kumbuyo pang'ono kwa mapewa, pa msinkhu wa makutu kapena kupitirirako pang'ono. Sabuwufa ikhale pansi, ndipo musaikweze mpaka mawindo kunjenjemera, pakuti ntchito yake ndi kuchirikiza mawu otsika kwambiri okha. Ngati pansi panu ndi pa simenti ndipo denga ndi la malata lopanda siling'i, mawu adzagunda n'kubwerera mpaka osadziwika kumene achokera. Yalani mkeka kapena mphasa pakati pa chipinda ndipo mutseke makatani. Mukatero ikani nyimbo ya On the Run. Mukamva mdidi wa munthu wothamanga ndi phokoso la makina zikuyenda m'chipinda m'malo mokhala pa kabati, dziwani kuti zatheka, ndipo muitanenso anzanu aja. Mpando wa pakati muzisinthana, chifukwa wokhala pafupi ndi sipika imodzi amamva yokhayo, ndipo akhoza kunyoza chimbale pa mlandu wa malo amene wakhala.

FUNSO: Ndimagwira ntchito pa malo ena ogona alendo ku Senga Bay, ndipo mlendo wina adandisiyira chimbale chomwechi cha mtundu wa SACD, cholembedwa kuti chili ndi mawu a 5.1. Chimalira bwinobwino pa wailesi yanga ya CD. Kodi ndikachikopera pa fulashi kapena pa foni, n'kumamvera pa sipika ya Bluetooth, mawu ozungulirawo adzatsatira? — Wowerenga, Salima

YANKHO: Achimwene, sadzatsatira. SACD ya 2003 ili ndi magawo awiri osanjikizana m'chimbale chimodzi: gawo la CD wamba, limene wailesi yanu ikuwerenga ndipo ndi la sitiriyo, ndi gawo lina limene muli mawu a 5.1, lowerengeka ndi makina okhawo olembedwa kuti amalandira SACD. Kompyuta wamba imakopera gawo la CD lokha, ndipo Bluetooth nayo imanyamula njira ziwiri basi. Musataye mtima ndi zimenezi, chifukwa sitiriyo imene muli nayoyo idachokera ku matepi oyambirira ndipo imamveka bwino kwambiri pa mahedifoni abwino, kuposa pa sipika imodzi ya Bluetooth imene imaunjika kumanzere ndi kumanja pamalo amodzi. Chimbalecho chisungeni m'chikuto chake, kutali ndi dzuwa ndi mchenga wa kunyanjako, popeza gawo lachiwirilo likadali momwemo ndipo lidzalira tsiku limene mudzapeze makina oyenera.