Funsani Amayi Busa: Kodi Mulungu anandisinthira?

Funso: Amayi Busa, ine ndine mayi wa ana anayi, ndikhala kumudzi cha ku Chiparamba. Amuna anga ali moyo tinkakolola, nkhokwe kudzaza, nshawa zotsala tikugulitsa ku msika wa Kapata, ana onse pasukulu osapempha munthu. Anatisiya mu 2023, ndiye chaka chotsatira chilala chija, chimanga chinauma chisanabereke ndipo fetelaiza ndinali nditatenga pangongole. Manje ku tchalitchi akamalalikira ati Mulungu sasintha ine mtima umangowawa, ndaba kwa ine zonse zasintha. Kodi ndikuchimwa kuganiza kuti Mulungu anandisinthira?
Mayi wa ku Chiparamba

Yankho: Mayi, pepani kwambiri ndi maliro a abambo. Ayi simukuchimwa, ndipo funso lanuli anthu ambiri ali nalo mumtima koma amaopa kulitulutsa pagulu. Chakudza sichiyimba ng'oma, inu zakugwerani ziwiri motsatizana, maliro ndi njala. Chilala cha 2024 sichinali cha munda wanu wokha, mukumbukira kuti pa 29 February a President Hakainde Hichilema analengeza kuti ndi tsoka la dziko lonse, madzi ku Kariba anachepa mpaka ife a mtauni tinkakhala mumdima maola ambirimbiri. Ndanena izi kuti musamadzifufuze usiku kuti munalakwa chani.

Mawu aja oti Ine Yehova sindisintha ali pa Malaki 3:6, koma alaliki ambiri timangodula vesi n'kuthamanga nalo osanena kuti ankauzidwa ndani. Anali anthu otopa, anabwerera kwawo kuchokera ku ukapolo ku Babulo ndi chiyembekezo chachikulu koma minda ikuonongeka, mpaka pa vesi 14 akunena poyera kuti kutumikira Mulungu n'kopanda phindu. Ndiye vesi 6 lomwelo limapitiriza kuti chifukwa Iye sasintha, ana a Yakobo sanatheretu. Sanawauze kuti nkhokwe izidzaza chaka chilichonse, anawauza kuti kukhalapo kwawo mpaka tsiku limenelo ndi umboni kuti sanawataye.

Koma ine ndikawerenga kalata yanu ndikuona Naomi. Tsegulani buku la Rute, ndi machaputala 4 chabe, mutha kumaliza musanagone. Naomi anachoka ku Betelehemu chifukwa cha njala, kupita ku Moabu ndi mwamuna wake Elimeleki ndi ana awiri, Maloni ndi Kiliyoni, ndipo patapita zaka ngati 10 onse atatu anali kumanda. Pobwerera kwawo azimayi akumulonjera iye ati musanditchenso Naomi, munditche Mara, Wamphamvuyonse wandichitira zowawa, ndinapita wodzala ndabwera wopanda kanthu. Mawu olemera kuposa anu mayi, ndipo palibe pamene Baibulo likumukalipira.

Pali kanthu kamene ndimakakonda pa Rute 1:22, akuti anafika pomwe anthu amayamba kukolola barele. Naomi akulira kuti alibe kanthu koma nyengo yatembenuka kale osadziwa. Ndipo chimene chinawadyetsa sichinali chozizwitsa chogwa kumwamba ayi, chinali khunkha. Rute mpongozi wake anapita kukakunkha m'munda wa Boazi monga ana athu amakunkhira nshawa anthu akamaliza kukumba. Lamulo lakuti mwini munda asakolole mpaka m'mphepete, asiyeko za osauka ndi alendo, lili pa Levitiko 19:9-10, ndipo Deuteronomo 24:19 amatchula amasiye ndi mayina, mwana wamasiye ndi mkazi wamasiye. Mulungu analiika kalekale Naomi asanaferedwe. Pamene anali wodzala lamulolo linalipo koma sankaliona chifukwa sankalifuna, ataferedwa ndi pamene linamugwira dzanja. Kwa ine kusasintha kwa Mulungu ndi kumeneko, Amene anali nanu nthawi ya nkhokwe yodzaza anali ataganizira kale za mkazi wamasiye, kungoti tsopano mwaima mbali ina ya munda.

Apa ndilankhuleko ndi mipingo yathu, chifukwa zimandipweteka. Timaimba kuti Yesu ali yemweyo dzulo, lero ndi nthawi zonse, Ahebri 13:8, koma maliro akatha, mahema achotsedwa, mayi wamasiye timamusiya yekha ndi ngongole. Boazi akanakolola mpaka ngala yomaliza Naomi akanagona ndi njala lamulo lili m'buku. Azimayi a chigwirizano, akulu a mpingo, m'mphepete mwa munda wanu mwasiyamo chani?

Inuyo mayi musadzitsekere m'nyumba. Pitani kwa mkulu wa mpingo kapena mayi mmodzi amene mumamukhulupirira mukamuuze zonse, ndi za ngongole zomwe, osabisa chifukwa cha manyazi. Dzinja likubwerali musaike zonse pa chimanga, gawaniko munda mubzale nshawa, nyemba, kandolo, izi sizilira fetelaiza wambiri. Kupemphera kukakanika werengani Salimo 13 mokweza, Davide akufunsa kanayi kuti mpaka liti, mawuwo akhale pemphero lanu tsiku limenelo. Ndipo mundilemberenso mukakolola, kaya zachita bwino kaya ayi, ndikufuna kumva za inu ndi anawo.